Ndalama za Khonsolo Zimapita Kuti? Mafunso ndi Mayankho

Pafupifupi tauni iliyonse yaing'ono m'Malawi muno ili ndi nkhani yake ya ndalama za khonsolo. Kwina ndi msika wopanda chimbudzi pomwe ziphaso akudula tsiku ndi tsiku, kwina ndi mdadada wa sukulu umene unalekezera pawindo, kwina ndi makhansala amene akana kukambirana bajeti mpaka ataona malipoti. Nkhanizi zimatentha m'maminibasi ndi pa mawayilesi a m'madera, koma nthawi zambiri anthu amakangana alibe manambala m'manja. Nawa mafunso amene amabwera kawirikawiri, ndi mayankho ake.

Kodi bajeti ya khonsolo n'chiyani kwenikweni?

Ndi ndondomeko ya chaka chimodzi yosonyeza ndalama zimene khonsolo ikuyembekeza kupeza, ndi ntchito zimene ikufuna kugwira ndi ndalamazo. Chaka cha zachuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Kale chinkayamba mu Julayi, koma izi zinasintha mu 2022. Bajeti ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, monga mafuta a ambulansi, chakudya cha odwala, mabilu a madzi ndi magetsi, ndi kuchotsa zinyalala. Mbali yachiwiri ndi ya chitukuko: milatho, mijigo, midadada ya sukulu, nyumba za aphunzitsi, misika. Chofunika kukumbukira n'chakuti bajeti si ndalama zimene zili kale ku banki. Ndi lonjezo lolembedwa, ndipo ubwino wake ndi womwewo, chifukwa cholembedwa munthu angathe kuchilondoloza n'kufunsa ngati chinachitika.

Ndalamazi zimachokera kuti?

Gwero lalikulu ndi boma la ku Lilongwe. Kumeneko kumachokera ndalama za zaumoyo, zamaphunziro, zaulimi ndi nthambi zina, ndalama zoyendetsera ofesi ya khonsolo, thumba la chitukuko cha boma la DDF ndi thumba la chitukuko cha dera la phungu la CDF. Ndalamazi zimadzera ku National Local Government Finance Committee, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi gawo 149 la malamulo aakulu a dziko kuti lizigawa ndi kulondoloza chuma cha makhonsolo.

Gwero lachiwiri ndi zimene khonsolo imatolera yokha: ziphaso za m'misika, malaisensi a magolosale ndi mabala, ndalama za pa depoti, ndi misonkho ya nyumba ndi malo, makamaka m'matauni. Lachitatu ndi thandizo la mabungwe ndi mayiko akunja.

Makhonsolo a maboma 28 amadalira kwambiri gwero loyamba, pakuti zimene amatolera okha n'zochepa. Makhonsolo a matauni ngati Kasungu, Luchenza ndi Mangochi amayenera kudzidalira kwambiri, ndipo kusalipira msonkho wa nyumba kumawagwetsa msanga. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inanena kuti 5 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera izipita ku makhonsolo kukachitira chitukuko, koma makhonsolo akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti mlingo umenewu sukwaniritsidwa.

Ndani amalemba bajeti, nanga ndani amaivomereza?

Pa dongosolo lake, bajeti imayambira kumudzi. Komiti ya chitukuko ya VDC, imene imakhala m'dera la gulupu, imasonkhanitsa anthu kuti atchule zosowa zawo. Zosowazo zimapita ku ADC, komiti ya dera la mfumu yaikulu, kumene amazisefa n'kuika zofunika kwambiri patsogolo. M'matauni ntchitoyi imagwiridwa ndi makomiti a m'mawodi. Kuchoka apo akuluakulu a ku ofesi ya khonsolo, motsogozedwa ndi mkulu wa mapulani ndi mkulu wa zachuma, amaika mitengo pa ntchitozo molingana ndi malire a ndalama amene boma lawapatsa. Komiti ya makhansala yoona zachuma imaunika zonsezo, kenako msonkhano wa khonsolo yonse umakambirana n'kuvomereza. Bajetiyo imakaunikidwanso ndi National Local Government Finance Committee, ndipo ndalama zochokera ku boma zimadikira chivomerezo cha Nyumba ya Malamulo.

Mkangano woyamba umabadwira panjira imeneyi. Anthu amapempha chipatala chaching'ono, koma m'bajeti mumatuluka bwalo la masewero. Nthawi zina chifukwa chake n'chomveka, monga kuchepa kwa ndalama kapena malamulo a thumba limene ndalamazo zachokera. Nthawi zina ndi ndale chabe. Ngati palibe wobwerera kumudzi kukafotokoza chimene chasintha, anthu amangoti taponderezedwa, ndipo chaka chotsatira sabweranso ku msonkhano wa VDC.

Wamkulu ndani pa ndalama za khonsolo: khansala kapena bwanamkubwa?

Ambiri amaganiza kuti khansala amasunga ndalama za wodi yake. Si choncho. Khansala sasaina cheke ndipo sayenera kusankha kontrakitala. Ntchito yake ndi kuimira anthu, kuvomereza bajeti, kupanga malamulo a m'deralo ndi kufunsa mmene ndalama zayendera. Amene amayendetsa ndalama ndi bwanamkubwa, kapena mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo ngati ndi m'tauni, pamodzi ndi ogwira ntchito ake, ndipo ndalama zikasokonekera woyankha woyamba ndi iyeyo. Mafumu aakulu ndi oimira magulu monga amayi, achinyamata ndi anthu olumala amakhala nawo pa zokambirana koma savota.

Kukokana kwa mbali ziwirizi kuli ndi mbiri yake. Lamulo la maboma ang'onoang'ono linabwera mu 1998, ndipo makhansala anasankhidwa mu Novembala 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala zaka 9 popanda makhansala mpaka chisankho cha pa 20 Meyi 2014. Zaka zonsezo maofesi anazolowera kugwiritsa ntchito ndalama popanda wowafunsa pafupi. Komanso lamuloli litasinthidwa mu 2010, mphamvu yosankha bwanamkubwa inapita kwa nduna ya maboma ang'onoang'ono. Choncho bwanamkubwa amayenera kupereka malipoti kwa makhansala, koma amene angamusamutse kapena kumukweza ali ku likulu. Makhansala akamati sakutimvera, ndipo a ku ofesi akamati akulowerera ntchito yathu, muzu wake nthawi zambiri uli pamenepa.

Kodi ndalama za CDF ndi za phungu?

Ayi. Mjigo kapena mlatho wa CDF si mphatso yochokera m'thumba mwa phungu, ngakhale dzina lake litalembedwa pakhoma. Ndi ndalama za misonkho ya Amalawi, zimadzera mu akaunti ya khonsolo, ndipo khonsolo ndi imene imayankha pa izo. Thumbali linayamba mu 2006 ndi ndalama zochepa, koma lakhala likukula: linafika K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, kenako K200 miliyoni mu 2024. Madera a aphungu nawo anachoka pa 193 kufika pa 229 pa chisankho cha 2025.

Pamene thumba linkakula, mkangano nawo unkakula. Aphungu anali ndi mawu aakulu posankha ntchito za CDF, ndipo kuyambira 2010 ankavotanso m'khonsolo. Makhansala ankadandaula kuti ntchito zikuyamba m'mawodi awo iwo asakudziwa, ndipo a ku ofesi ankadandaula kuti akuyankha pa ndalama zimene sanazilamulire. Mu Meyi 2025, pa mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma, bwalo lalikulu lotanthauzira malamulo aakulu a dziko linagamula kuti aphungu sayenera kuyendetsa thumbali kapena kuvota m'khonsolo. Mfundo yake ndi yakuti amene amavomereza ndalama ku Nyumba ya Malamulo n'kumalondoloza mmene zagwirira ntchito sangakhalenso wozigwiritsa ntchito, chifukwa ndiye kuti adzidzifufuza yekha. Aphungu ambiri sanakondwe nacho chigamulochi. Koma kaya thumbali liyendetsedwe ndi ndani, funso lanu ndi limodzi: mndandanda wa ntchito za CDF m'dera lathu uli kuti, ndipo ntchito iliyonse yadya zingati?

Bajeti inati mlatho umangidwa chaka chino, koma palibe chachitika. Ndiye kuti ndalama zabedwa?

N'kutheka, koma si nthawi zonse, ndipo apa m'pamene mikangano yambiri imasocherera. Pa ntchito iliyonse pamakhala manambala atatu osiyana: ndalama zimene zinavomerezedwa m'bajeti, ndalama zimene zinafikadi ku khonsolo, ndi ndalama zimene zinagwiritsidwa ntchito. Boma limatumiza ndalama pang'onopang'ono m'kati mwa chaka, ndipo zimachitika kuti zimabwera mochedwa kapena moperewera. Ndalama za mlatho zikafika mu Disembala mvula ili mkati, ntchito singayambe. Mitengo nayo imathawa: mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo imene inawerengedwa kumayambiriro kwa chaka inasanduka yosatheka.

Choncho musanatchule munthu kuti wakuba, funsani manambala atatuwo. Ngati nambala yoyamba ndi yachiwiri zasiyana, vuto lili ku likulu, ndipo khansala ndi phungu wanu ayenera kukakumbutsa kumeneko. Ngati yachiwiri ndi yachitatu zasiyana, ndalama ziyenera kupezeka ku banki, ndipo chikalata cha ku banki chionetsedwe. Koma ngati mabuku akuti ndalama zonse zinagwira ntchito pomwe pamtsinje palibe ngakhale mwala umodzi, imeneyo ndi nkhani ya apolisi ndi bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Palinso chizolowezi china choipa, chobwereka ndalama za chitukuko kuti alipirire malipiro kapena ngongole za ofesi, ati tidzabweza. Ngakhale munthu asaike kanthu m'thumba mwake, kumeneko n'kuphwanya malamulo a kayendetsedwe ka chuma cha boma.

Timadula ziphaso mumsika tsiku lililonse koma zinyalala sachotsa. Kodi kunyanyala kulipira n'kulakwa?

Dandaulo lake n'loona. Mayi wogulitsa tomato akamalipira chiphaso m'mawa uliwonse, ali ndi ufulu woyembekeza chimbudzi, madzi, mlonda ndi malo aukhondo. Mavenda m'misika yambiri akhala akunyanyala kudula ziphaso pa chifukwa chimenechi. Komabe chiphaso chili m'malamulo a khonsolo, ndipo kunyanyala kukatalika, oyamba kuvutika ndi osesa ndi alonda a mumsika momwemo, pakuti malipiro awo amachokera ku ndalama zomwezo.

Ndalama za msika zimatayikira malo awiri. Poyamba ndi panjira yochoka pa benchi kupita ku banki: wotolera kulandira ndalama osapereka chiphaso, kugulitsa chiphaso chimodzi kawiri, kapena kuyenda ndi buku la malisiti lachinyengo. Wogulitsa amene amalola kulipira theka popanda chiphaso nayenso akuthandiza kuba. Malo achiwiri ndi ku ofesi, kumene ndalama za msika zimasakanikirana ndi zina zonse, msikawo osaonako kanthu. Komiti ya msika ingapindule kwambiri itakakamira zinthu ziwiri: kuti ndalama zotoleredwa sabata iliyonse zizilembedwa pa bolodi pakhomo la msika, ndi kuti pakhale mgwirizano wolembedwa wonena gawo limene lizibwerera kudzakonza msikawo. A banki m'khonde amawerenga ndalama pamkeka aliyense akuona, ndipo makiyi a bokosi amasunga anthu osiyana. Msika umene umatolera ndalama zoposa za gulu lililonse la banki m'khonde sungalephere kuchita zomwezo.

N'chifukwa chiyani nkhani ya maalawansi imabuka nthawi zonse?

Chifukwa ndi khomo losavuta kutulutsira ndalama. Alawansi payokha si yolakwika: wogwira ntchito akapita kutali n'kugona komweko, ayenera kupatsidwa ya malo ogona ndi chakudya. Vuto limabwera msonkhano umene ukanachitikira mu holo ya khonsolo ukapita kunyanja, kapena mayina a anthu amene sanabwere akapezeka pa pepala losainira, kapena munthu mmodzi akalandira za masiku ochuluka kuposa amene ali m'mwezi. Kafukufuku wa K6.2 biliyoni za Covid-19, amene ofesi ya mkulu wofufuza mabuku a boma inatulutsa mu 2021, anaonetsa ndalama zolipidwa m'maalawansi osayenera ndi katundu wogulidwa mosatsata ndondomeko, ndipo makhonsolo anali m'gulu la olandira ndalamazo. Makhansala nawo nkhaniyi imawakhudza. Khansala amene amangolimba mtima alawansi yake ikachedwa, koma n'kukhala chete mankhwala akasowa kuchipatala, wataya ntchito imene anthu anamutuma.

Kodi munthu wamba angaloledwe kuona bajeti ndi malipoti a zachuma?

Inde, ndipo si chisomo cha bwanamkubwa. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga. Lamulo lofotokoza mmene ufuluwu ungagwirire ntchito linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu Disembala 2016 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Lamuloli limati ofesi iliyonse ya boma, kuphatikizapo khonsolo, ikhale ndi munthu wolandira mapempho otere, ndipo iyankhe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Pali zina zimene angakane kupereka, monga zinsinsi za munthu payekha kapena zokhudza chitetezo cha dziko, koma bajeti, mndandanda wa ntchito za chitukuko ndi mtengo wa mdadada wa sukulu si zinsinsi. Akakukanizani kapena kungokhala chete, mungakadandaule ku Malawi Human Rights Commission, imene imayang'anira lamuloli.

Lembani pempho lanu, tchulani bwinobwino chikalata chimene mukufuna ndi chaka chake, ndipo sungani kope lodindidwa tsiku limene mwapereka. Dziwaninso kuti misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotsegukira anthu ndi atolankhani, kupatula pa nkhani zochepa zofunika kukambira mseri. Simungavote, koma mungakhale pansi n'kumva khansala wanu akulankhula kapena akungogwedeza mutu.

Tingadziwe bwanji kuti kontrakitala akutibera?

Yambani ndi chikwangwani. Pa malo a ntchito ya boma payenera kuoneka dzina la ntchitoyo, thumba limene likulipira, dzina la kontrakitala ndi nthawi yomaliza, ndipo mtengo wake muufunse ngati sunalembedwe. Kenako komiti ya anthu yoyang'anira ntchitoyo ipemphe pepala losonyeza zipangizo zimene zinagwirizanidwa: matumba angati a simenti, malata a geji yanji, maziko akuya bwanji. Popanda pepalali komiti imangokhala yoonerera. Ngati anthu a m'mudzi anatuta okha mchenga ndi miyala, onetsetsani kuti zinthuzo sizinalembedwenso pa bilu ya kontrakitala. Kontrakitala amayenera kulipidwa m'magawo, injiniya wa khonsolo atatsimikiza kuti gawolo lathadi, ndipo ndalama ina imatsala kudikira kuti nyumbayo ioneke ngati sing'ambika. Mukamva kuti walandira zonse denga lisanafoleredwe, kapena kuti kampani yake ndi ya mbale wa munthu wa ku khonsolo amene sanaulule ubalewo, funsani mwamphamvu.

Ndani amafufuza mabuku a khonsolo, ndipo kufufuzako kumathandiza?

Khonsolo imakhala ndi wofufuza mabuku wake, koma wamkulu ndi mkulu wofufuza mabuku a boma, Auditor General, amene lipoti lake limapita ku Nyumba ya Malamulo, kumene komiti yoona za kagwiritsidwe ntchito ka chuma cha boma imaitana mabwanamkubwa kudzayankha. Zimene malipotiwa amapeza zimabwerezeka chaka ndi chaka: malipiro opanda zikalata zoikira umboni, mafuta osalembedwa m'kaundula, katundu wogulidwa koma osaoneka m'sitolo. Chofooketsa n'chakuti nkhani zimafika ku komiti patapita nthawi, wolakwayo atasamutsidwa kale kupita ku boma lina.

Pali njira ina imene yayamba kuluma msanga. Kudzera mu pulojekiti ya GESD, imene World Bank inavomereza mu 2020 ndi ndalama zokwana madola 100 miliyoni a ku America, makhonsolo a maboma 28 amayesedwa chaka chilichonse pa kauniuni wotchedwa LAPA. Khonsolo yosunga bwino mabuku ndi kumaliza ntchito zake imalandira ndalama zowonjezera za chitukuko, ndipo yolephera mfundo zoyambirira imamanidwa. Apa phunziro n'loonekeratu: mabuku akasokonekera ku ofesi, amene amataya chipatala kapena sukulu ndi anthu a kumudzi. Zotsatira za kauniuniyu zimalengezedwa poyera, ndipo ndi bwino kufunsa khansala wanu kuti khonsolo yanu inakhala pa nambala yanji ndipo chifukwa chiyani.

Makhansala akakana bajeti kapena kutseka ofesi ya bwanamkubwa, akuthandiza anthu kapena akuwapweteka?

Kukana kuvomereza bajeti chifukwa malipoti a chaka chatha sanabwere ndi ntchito yeniyeni ya khansala. Khonsolo imene bajeti imadutsa pa mphindi zochepa popanda funso ndi yoopsa kuposa imene amakangana tsiku lonse. Koma kukhoma loko pa ofesi n'kuthamangitsa munthu si njira ya lamulo. Ofesi ikatsekedwa, mafuta a ambulansi sasainidwa, ndipo nthawi zambiri mapeto ake n'kusamutsa munthu, funso la ndalama osayankhidwa. Njira yokhala ndi mano ndi kupanga chigamulo cholembedwa pa msonkhano wa khonsolo, kupempha kafukufuku wapadera wa mabuku, ndi kutumiza umboni ku unduna ndi ku ACB. Kuti mudziwe ngati mkangano uli wa anthu kapena wa matumba a okanganawo, onani chimene akupempha. Wopempha kuti zikalata zionetsedwe kwa aliyense akumenyera inu. Wopempha kuti akakambirane kuchipinda n'kutuluka akumwetulira popanda kufotokoza kanthu akumenyera zake.

Kodi kufunsa zonsezi si kuderera atsogoleri?

Ayi. Ulemu ndi mantha n'zosiyana, ndipo munthu angathe kuvula chipewa, kupereka moni kwa a bwanamkubwa ndi a gogo chalo, n'kufunsabe kuti ndalama za mjigo zinafika liti. M'makhonsolo muli anthu ambiri oona mtima amene amatukwanidwa pa milandu imene sanapalamule, chifukwa choti manambala sanaonetsedwe. Bolodi lolembedwa bwino pakhomo la ofesi limateteza iwowo poyamba, ndipo amene limamusowetsa mtendere ndi wosolola yekha.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wofufuza mabuku wochokera ku Lilongwe amabwera kamodzi pa chaka n'kuona mapepala, koma amene amawoloka mtsinje wopanda mlatho tsiku lililonse ndinu. Pitani ku msonkhano wa VDC, wa ADC kapena wa komiti ya wodi yanu, ndipo musapite nokha: tengani a komiti ya msika, a komiti ya sukulu, a mpingo ndi a mzikiti. Sankhani ntchito imodzi ya m'dera lanu, mufunse zimene zinavomerezedwa, zimene zinafika ndi zimene zinagwiritsidwa ntchito, ndipo mupemphe kuti yankho lilembedwe m'maminitsi. Pa msonkhano wotsatira, maminitsiwo awerengedwe musanayambe nkhani ina iliyonse.